Webusaiti ya mlembi imangidwe poganizira foni ya wowerenga

Alembi a Chichewa amene tikukhala mu Harare tilipo ochepa, ndipo owerenga athu ndi omwazikana kwambiri. Ena ali ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose, ku Mabvuku ndi ku Epworth. Ena akadali m'mafamu ndi m'migodi kumene makolo athu anadzagwira ntchito kuchokera ku Nyasaland, makamaka pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Ndipo ena ali kumudzi ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi, kapena ku Johannesburg kumene achinyamata ambiri anapita kukasaka ntchito. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa zinenero 16 zovomerezeka, komabe munthu amene walemba buku m'chinenero chimenechi sayembekezera kuti sitolo ya mabuku ya m'tauni imupatsa shelefu yakeyake. Chionetsero cha mabuku cha Zimbabwe International Book Fair, chimene chinayamba mu 1983, chimakhala cha masiku owerengeka, ndipo chikatha mlembi amabwerera kunyumba ndi makatoni ake. N'chifukwa chake webusaiti ndi yofunika kwa ife kuposa mmene ilili kwa alembi a zinenero zikuluzikulu, pakuti ndi malo okhawo amene munthu wosatidziwa angapeze buku lathu usana kapena usiku, kaya ali ku Bindura kaya ali ku Lilongwe.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti mawebusaiti ambiri a alembi amene ndakhala ndikuwaona amamangidwa kuti akondweretse mwiniwake pa tsiku limene wokonzayo akumuonetsa ntchito pa kompyuta yaikulu, mu ofesi imene muli magetsi ndi intaneti yothamanga. Pa sikirini yotakata zonse zimakongola: zithunzi zimasinthana zokha, dzina la mlembi limatsetsereka kuchokera kumwamba, ndipo nyimbo imalira chapansipansi. Mlembi amalipira n'kuchoka ali wokondwa. Koma wowerenga wake sadzaiona webusaitiyo pa kompyuta imeneyo. Adzaitsegula pa foni yotchipa ya Android, ali mu kombi kapena atakhala pakhonde, batire litatsala pang'ono kutha chifukwa magetsi anazima m'mamawa, ndipo data imene akugwiritsa ntchito waigula ndi ndalama imene akanatha kugulira ndiwo. Chilichonse chimene mlembi akufuna kuika pa webusaiti yake chiyenera kuyesedwa pa foni imeneyo. Ngakhale Google, imene alembi ambiri amafuna kuti iziwaonetsa kwa anthu, inayamba mu 2018 kuweruza mawebusaiti potengera mmene alili pa foni.

Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi, bambo wina wachikulire amene analemba mbiri ya mpingo wawo ndi ya anthu amene anaumanga anaitana mayi wina wa m'kwaya n'kumuuza kuti, "Amayi, tatsegulani pa foni yanuyo muone ntchito imene wandichitira mdzukulu wanga." Mayiyo analemba adiresi mosamala, chilembo chimodzichimodzi, kenako tonse tinaweramira pa foniyo. Sikirini inangoyera kwa nthawi ndithu. Pambuyo pake panayamba kutsika chithunzi cha bamboyo, kuyambira ku chipewa, kufika pamphumi, kenako pa magalasi, ndipo chisanafike pa tayi mayiyo anafunsa mwaulemu kuti, "Nanga bukulo lili pati, abambo?" Buku linali pansi kwambiri, kuseri kwa zithunzi zina zambiri za mwambo wokhazikitsa bukulo. Posakhalitsa foni inalira, uthenga wakuti data yatsala pang'ono, ndipo mayiyo anati, "Pepani abambo, bandulo yanga yatha, ndidzaona tsiku lina." Bukulo ndi labwino, ndinaliwerenga, ndipo muli mayina ndi nkhani zimene sizinalembedwe kwina kulikonse. Chimene chinalepheretsa mayiyo kuliona ndi zithunzi zimene zinaikidwa mmene zinatulukira mu kamera.

Chithunzi chojambulidwa pa foni ya masiku ano chimalemera ma megabyte atatu, anayi kapena asanu, pamene chithunzi chomwecho chikachepetsedwa bwino chimatha kutsika pansi pa ma kilobyte 200 popanda diso kuona kusiyana pa sikirini ya foni. Tsamba lokhala ndi zithunzi khumi zosachepetsa limadya data imene ikanakwanira kuwerenga mabuku angapo athunthu, pakuti mawu okha salemera: buku lonse la nthano likakhala zilembo zokhazokha kawirikawiri silikwana ndi megabyte imodzi yomwe. Kuchepetsa zithunzi sikufuna ndalama, mapulogalamu aulere alipo, ndipo mtundu wa zithunzi wa WebP, umene Google inatulutsa mu 2010, umapepuka kuposa JPEG. Vidiyo yoyamba yokha, nyimbo yolira munthu asanaipemphe ndiponso zithunzi zoyenda ziyenera kuchotsedwa popanda kuzimvera chisoni. Zokometsera zoterezi sizikhalitsanso. Mawebusaiti ambirimbiri amene anamangidwa ndi Adobe Flash, pulogalamu yoonetsera zithunzi zoyenda, anasiya kuoneka pulogalamuyo itathetsedwa kumapeto kwa 2020, koma tsamba la webusaiti loyamba padziko lonse, limene Tim Berners-Lee anakonza ku CERN, malo ofufuzira za sayansi ku Ulaya, limene anthu analiona mu 1991 ndipo lili ndi mawu ndi malinki okha, limatseguka lero pa foni iliyonse m'kuphethira kwa diso.

Pali chinthu china cha kwathu kuno chimene okonza mawebusaiti amene anaphunzira ntchito poonera za kunja amachiiwala. Anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, imene sitsegula mawebusaiti ena. Mlembi akatumiza linki m'gulu la anthu a kumpingo kapena la chibale, ambiri a m'gululo sangathe kuidina, ndipo chimene amaona ndi kabokosi kamene kamatuluka pamwamba pa linki, kokhala ndi mutu, chiganizo chimodzi ndi kachithunzi. Kabokosi kameneka kamatengedwa ku mawu amene mwini webusaiti analemba m'malo obisika a tsamba, ndipo kamayenda limodzi ndi uthengawo. Mlembi wanzeru amaonetsetsa kuti m'kabokosimo muli dzina la buku, chikuto chake ndi mtengo wake, chifukwa kwa owerenga ochuluka zimenezi ndiye webusaiti yonse imene adzaione. Ndaona malinki ambiri amene kabokosi kake kamangonena kuti "Home", kapena kamaonetsa dzina la kampani imene inagulitsa kamangidwe ka webusaitiyo.

Tsamba loyamba liyenera kuyankha mafunso a mlendo asanayambe kutsitsa chala: uyu ndi ndani, walemba chiyani, m'chinenero chanji, ndi ndalama zingati, ndipo ndingalipeze bwanji. Wogulitsa tomato ku Mbare Musika sayamba ndi kufotokoza sukulu imene anaphunzira, amaika tomato wake patsogolo, mtengo uli pomwepo. Ife alembi timachita mosiyana. Timayamba ndi mawu olandira alendo, kenako mbiri ya moyo wathu kuyambira tsiku lobadwa, mayina a aphunzitsi, masatifiketi ndi misonkhano imene tinapitako, ndipo buku limabwera pamapeto ngati chinthu chochititsa manyazi. Mbiri ya mlembi ili ndi malo ake, ndipo kwa ife ndi yofunika, popeza wowerenga wa ku Malawi amafuna kudziwa kuti munthu wobadwira ku Mufakose akulemba Chichewa chifukwa chiyani, kwawo kwenikweni n'kuti, mfumu yawo ndi ndani. Koma ikhale pa tsamba lakelake, m'ndime ziwiri kapena zitatu, ndi chithunzi chimodzi chooneka bwino chimene mtolankhani kapena wokonza msonkhano angatenge osavutika. Masamba anayi amakwanira mlembi aliyense: loyamba, la mabuku, la mbiri, ndi la njira yolankhulirana naye. Mayina a masambawo akhale odziwika, chifukwa mlembi akatchula tsamba la mabuku ndi mawu a ndakatulo amene akuwamva yekha, wowerenga amasochera.

Funso la chinenero nalonso ndi lalikulu. Ndimadabwa kuona buku la Chichewa likulengezedwa pa webusaiti yolembedwa m'Chingerezi chokhachokha, ngati kuti mlembi akupepesa chifukwa cha chinenero chimene anasankha. Munthu wofuna buku la Chichewa akamafufuza pa Google amalemba mawu a Chichewa, ndipo popeza zolembedwa m'chinenero chathu ndi zochepa pa intaneti, tsamba lolembedwa bwino lili ndi mwayi waukulu woonekera. Chichewa chikhale patsogolo. Ndime yachidule ya Chingerezi ikhalepo chifukwa cha malaibulale ndi ofufuza a m'mayunivesite, ndipo kuno ku Harare ndime ya Chishona ingathandizenso, pakuti ana athu ambiri anakulira m'Chishona ndipo ndi iwowo amene amagulira makolo awo mabuku.

Pamene ndikufuna kukhalitsapo ndi pa zilembo, chifukwa apa Chichewa chili ndi mavuto ake amene wokonza webusaiti wosachidziwa sangawaone. Chinenero chathu chimagwiritsa ntchito kwambiri kachizindikiro ka nkhodolero, monga m'mawu akuti m'mudzi, ng'ombe ndi n'chifukwa. Mlembi akakopera nkhani kuchokera mu Microsoft Word n'kuiika pa webusaiti imene sinakonzedwe kuti iziwerenga zilembo mwa njira ya UTF-8, imene imathandiza kompyuta kuzindikira zilembo ndi zizindikiro za zinenero zosiyanasiyana, kachizindikiro kameneka kamasanduka zilembo zitatu zachilendo, ndipo m'malo mwa m'mudzi wowerenga amaona mâ€™mudzi. M'Chingerezi vuto limeneli limaoneka apo ndi apo, koma m'Chichewa limaipitsa pafupifupi chiganizo chilichonse. Chilembo cha ŵ, chimene ambiri anasiya kuchilemba koma chikadalipo m'mabuku ena a m'tchalitchi ndi m'mene ena amalembera dzina la Malaŵi, sichipezeka m'mitundu ina ya zilembo zokongoletsa, ndipo pamalo pake pamatuluka kabokosi kopanda kanthu. Musanavomere mtundu wa zilembo umene wokonza wasankha, muuzeni alembe chiganizo chokhala ndi zizindikiro zimenezi kuti muone ndi maso anu. Muuzeninso aike chizindikiro cha chinenero, chimene cha Chichewa ndi ny, kuti Google ndi mapulogalamu owerengera anthu osaona asamaganize kuti tsambalo ndi la Chingerezi.

Mawu athu ndi aatali. Liwu limodzi ngati sindinawafotokozerepo limatha kudzaza theka la mzere pa foni, ndipo wokonza akalamula kuti mizere iziwongoka mbali zonse ziwiri ngati m'buku losindikizidwa, pakati pa mawu pamatseguka mipata ikuluikulu imene imatopetsa maso. Mizere iwongoke kumanzere kokha. Kukula kwa zilembo kusachepere ma pixel 16 (pixel ndi kadontho koyezera kukula kwa zinthu pa sikirini), ndipo zilembo zikhale zakuda pamalo oyera. Malangizo a WCAG, amene amatsogolera okonza mawebusaiti padziko lonse pa nkhani yothandiza anthu olumala, amanena kuti kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo ndi pamene zakhala kusachepere 4.5 kwa 1, ndipo zilembo zotuwa zimene zili m'fasho masiku ano kawirikawiri zimalephera muyezo umenewu. Ambiri mwa anthu amene amawerenga Chichewa bwinobwino mu Harare ndi achikulire amene maso anayamba kuchita mdima, pamene achinyamata amawerenga pang'onopang'ono chifukwa sanachiphunzire kusukulu. Onsewa amafuna tsamba losavutitsa. Ndikudziwa kuti timakonda kuika chithunzi cha chitenje kuseri kwa mawu kuti webusaiti ioneke yakwathu, koma zilembo zikakhala pamwamba pa maluwa a chitenje palibe amene angawerenge ndime yonse. Chitenjecho chikhale kamzere kopyapyala pamwamba pa tsamba, mawu akhale pamalo opanda kanthu.

Alembi ambiri amaopa kuika gawo la buku lawo pa intaneti poganiza kuti anthu aliba. Mantha amenewa ndimawamvetsa, chifukwa tonse timaona mabuku okopedwa akugulitsidwa m'mbali mwa misewu ya m'tauni muno. Komabe munthu sagula buku la mlembi amene sanamuwerengepo, makamaka ngati buku lake sangaligwire m'manja n'kutsegula masamba. Mutu woyamba, kapena ndakatulo zitatu, ziikidwe poyera, ndipo ziikidwe ngati mawu enieni a pa tsamba. Fayilo ya PDF imene inakonzedwa pa pepala la A4 imakakamiza wowerenga kukulitsa ndi kusuntha sikirini pa mzere uliwonse, ndipo masamba ojambulidwa ndi kamera ndi oipa kuposa pamenepo, chifukwa ndi olemera, Google sidalira zithunzi pofufuza mawu, ndipo munthu wosaona sangawamve. Pansi pa gawo laulerelo pakhale njira yogulira, pomwepo, munthu mtima ukadali m'nkhani.

Pa kugula ndi pamene mawebusaiti ambiri amagwera. Batani lolozera ku Amazon lokha, sitolo yaikulu ya pa intaneti ija, limathandiza m'bale wathu wa ku Leicester ku England kapena ku Dallas ku America, koma kwa mayi wa ku Dzivarasekwa amene alibe khadi la ku banki lolipirira kunja, batanilo ndi khomo lotseka. Anthu kuno amalipira ndi ndalama m'manja kapena pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pa foni imene inayamba mu 2011, ndipo ku Malawi amalipira pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba. Webusaiti inene zimenezi momveka. Mtengo ulembedwe pamodzi ndi mtundu wa ndalama, kaya ndi madola a ku America, kaya ndi ZiG, ndalama ya Zimbabwe imene inayamba mu April 2024, kaya ndi makwacha, ndipo pambali pake pakhale mwezi umene mtengowo unalembedwa, chifukwa tonse tikudziwa mmene mitengo imasinthira. Kubisa mtengo n'kulemba kuti wofuna afunse kumathamangitsa anthu aulemu, amene amachita manyazi kufunsa chinthu chimene mwina sangakwanitse. Inenenso mmene buku limayendera: malo a m'tauni amene munthu angalitengere, masiku ake, ndiponso ngati mumatumiza pa basi zochokera ku Roadport, siteshoni ya basi za kunja mu Harare, zodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete mpaka ku Mwanza ndi ku Blantyre. Linki ya wa.me, imene imatsegula WhatsApp molunjika pa nambala ya mlembi, imagwira ntchito kuposa fomu yodzaza imene imatumiza uthenga ku imelo yosatsegulidwa. Nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku padziko lonse, imene kuyambira mu 2007 ili ndi manambala 13, ilembedwenso pa tsamba la buku kuti a laibulale asavutike poitanitsa.

Ena amati Facebook ndi yokwanira. Facebook ndi yothandiza, ndipo anthu athu ali kumeneko, koma tsamba la pa Facebook si lanu. Eni ake ndi amene amasankha anthu oona zimene mwalemba, nkhani ya chaka chatha imakwiririka moti simungaipeze msanga, ndipo makampani oterewa amatha kutseka, monga Google+ imene inatsekedwa mu 2019 pamodzi ndi zonse zimene anthu analembapo. Webusaiti nayonso imakhala yanu pokhapokha ngati dzina lake, limene amati domain, linalembetsedwa m'dzina lanu ndi pa imelo yanu. Ndikudziwa banja lina limene webusaiti ya malemu bambo awo, yokhala ndi nyimbo ndi ndakatulo zimene anapeka, inasowa chifukwa mnyamata amene anaikonza anapita ku South Africa ndi mapasiwedi onse, ndipo uthenga wokumbutsa za malipiro a pachaka unkapita ku imelo yake. Panalibe njiru iliyonse, mnyamatayo anangotanganidwa ndi moyo watsopano, koma zolembedwazo zinapita. Domain imalipiridwa chaka ndi chaka, kaya ndi ya .com, ya .co.zw kapena ya .mw, ndipo hosting, kumene mafayilo amasungidwa, nayo ili ndi malipiro ake. Masiku amenewa alembedwe m'kope, mapasiwedi asungidwe ndi mlembi komanso munthu mmodzi wodalirika wa m'banja, ndipo zonse zolembedwa zikhale ndi kope lina pa kompyuta kapena pa flash.

Adiresi ikhale yaifupi, makamaka dzina la mlembi, yoti munthu angaitchule pa guwa kapena pa wailesi anthu n'kuigwira. Iyambenso ndi https, pakuti kuyambira mu July 2018 Chrome, pulogalamu ya Google yotsegulira mawebusaiti, imachenjeza kuti webusaiti yopanda chitetezo chimenechi ndi yosatetezeka, ndipo wowerenga akaona chenjezo lotere pamalo amene akufuna kutumizirapo ndalama amabwerera. Satifiketi yoikira https imapezeka kwaulere ku bungwe la Let's Encrypt, choncho wokonza asakulipiritseni ndalama zambiri pa chinthu chimenechi. WordPress, pulogalamu yomangira mawebusaiti imene inayamba mu 2003 ndipo imayendetsa mawebusaiti opitirira 40 peresenti padziko lonse, ndi yokwanira kwa mlembi, bola asadzazemo tizipangizo towonjezera tambirimbiri, timene timalemetsa tsamba ndiponso timatsegulira mbava njira tikapanda kukonzedwanso.

Webusaiti imene imanena kuti buku likutuluka posachedwa, pamene linatuluka zaka zitatu zapitazo, imauza mlendo kuti mwiniwake anasamuka. Ngati mukudziwa kuti simudzalemba mwezi uliwonse, musaike gawo la nkhani zatsopano, chifukwa masamba anayi olondola sakalamba msanga. Chofunika n'chakuti wokonza akuphunzitseni kusintha nokha mtengo, nambala ya foni ndi kuwonjezera buku latsopano, ndipo zimenezi zilembedwe m'pangano lanu musanayambe ntchito, pamodzi ndi nkhani ya domain ndi mapasiwedi. Musanapereke ndalama zomaliza, tengani foni yakale kwambiri imene ili panyumba, muzimitse Wi-Fi, muipereke kwa agogo kapena kwa mnansi amene sanaionepo webusaitiyo, n'kuwapempha kuti apeze dzina la buku, awerenge ndime yoyamba, atchule mtengo, ndiponso akutumizireni uthenga wakuti akulifuna. Inu musawathandize ngakhale pang'ono, mungoyang'ana pamene chala chawo chaima ndi pamene afinya maso, n'kulemba malo amenewo papepala kuti mukapatse wokonzayo.